Kukunkha pa mgodi wakufa

Msomali wa nambala 41 ndinaufukula dzuwa litapendeka. Ndikudziwa kuti unali wa 41 chifukwa ndinkaiwerenga, ndipo munthu akafika poyamba kuwerenga misomali ndiye kuti mtima wayamba kumuwawa. Chiyambire m'mawa ndinali pa mulu wa miyala womwe uli kunsi kwa khomo la mgodi wakale wa golide, mahedifoni ali m'makutu, ditekita (makina omva zitsulo zobisika m'nthaka) ili m'manja, ndikuiyendetsa uku ndi uku ngati wosesa pabwalo. Ikalira, ndigwade, ndipalase, msomali. Ndiyende mapazi atatu, yaliranso, ndigwade, msomali wina. Maondo anali atasupuka, kukhosi kutauma gwa.

Mkulu amene anandilowetsa m'masewerawa anali atakhala pamwala chapatali, akukhuthula timiyala m'jombo mwawo.

"Achikulire," ndinatero, "pano palibe kanthu. Tiyeni tisamukire kwina."

"Wafukula ingati, mphwanga?"

"41."

"Basi, ndiye kuti yatsala yochepa," anayankha, n'kuvalanso jombo yawo.

Dzina la phirilo musandifunse. Wofufuza golide angakubwerekeni galimoto yake, koma khwawa limene amapitako sangakuuzeni, ngakhale mutakhala kuti munabadwa bere limodzi. Chimene ndinganene n'chakuti kufufuza golide kwa mtundu uwu si ntchito, ndipo amene angakuuzeni kuti mulemera nako akungofuna kukugulitsani makina. Ndi masewera a Loweruka, ofanana ndi kuwedza ndi mbedza: umanyamuka ukudziwa kuti mwina ubwerako chimanjamanja. Golide yense amene ndapeza chiyambire sangadzaze kabotolo ka mankhwala a m'maso.

Anthu amadabwa akamva kuti timakwera kupita ku migodi yomwe eni ake anaisiya zaka zoposa 100 zapitazo. Amafunsa kuti, kodi akanachokapo golide akadalipo? Yankho lili m'liwu limodzi lomwe tonse timalidziwa: kukunkha. Wokolola amathamangira zazikulu ndi zoonekera, dzuwa likumuthamangitsa. Wokunkha amabwera pambuyo, alibe changu, maso ali pansi.

Golide wa m'phiri kawirikawiri amakhala m'mitsempha ya mwala woyera wolimba wotchedwa quartz, yomwe imayenda m'thanthwe ngati mizu. Okumba akale ankalondola mtsempha wotere ndi nyundo, zitsulo zobowolera ndi wonga, akuunikira ndi makandulo. Mwala ukatuluka kunja, pankakhala munthu wousankha ndi maso: uwu upite kokaphwanyidwa, uwu utayidwe. Kutsitsa mwala kuchokera pamwamba pa phiri, pamsana pa nyulu kapena pangolo, kunkadya ndalama zambiri, choncho ankangotsitsa wonona wokhawokha. Wotsalawo ankaukhuthulira kumtsetse kwa khomo, ndipo ndiyo milu yomwe mumaiona lero italendewera m'mbali mwa mapiri ngati malilime otuwa. Koma diso limaona kunja kwa mwala kokha. Kanthu kobisala m'kati mwa chibulumwa cha quartz, wosankha wotopa uja, fumbi lili m'maso, sakanakaona. Ditekita ilibe maso. Imamva.

Nthawi zina sankadziwa n'komwe chimene akutaya. Ku Kalgoorlie, kumadzulo kwa Australia, kumene Paddy Hannan ndi anzake anapeza golide mu 1893, kunali mwala wina wonyezimira womwe okumba ankauyesa wachabechabe, mpaka ankakwirira nawo maenje a m'misewu. Mu 1896 zinadziwika kuti mwalawo ndi golide wophatikana ndi chinthu china chotchedwa tellurium, ndipo anthu anathamangira kukafukula zomwe iwo eni anataya. Nkhani imeneyi ndimaikonda, ngakhale kuti kwa ife a ditekita ilibe phindu, poti golide wophatikana chotere makina athu samumva bwino.

Komanso tisadzinyenge kuti okunkha oyamba ndife. Golide atapezeka ku California mu 1848, ndi ku Victoria, chigawo cha ku Australia, mu 1851, anthu ochokera ku China nthawi zambiri ankathamangitsidwa pamalo onona, kwina ndi misonkho, kwina ndi zibonga. Iwo ankatenga malo omwe azungu anawasiya kuti atha, n'kutsukanso dothi lomwelo modekha, miyala ikuluikulu akuisanja ndi manja pambali. Makoma awo a miyala akuonekabe m'makwawa ena mpaka pano. Achikulire anga amati ukapeza miyala yosanjidwa mwaudongo chotero, ingopitirira, pamenepo panasesa kale anthu odziwa kusesa. Kenako mu 1887, ku Glasgow, John Stewart MacArthur ndi abale awiri a banja la Forrest anapeza njira yosungunulira golide ndi mankhwala a poizoni otchedwa cyanide, ndipo makampani anabwerera ku milu yakale kukaitsukanso. Ife ndiye okunkha achitatu, mwinanso achinayi. Tikutola zimene zinagwa m'manja mwa anthu amene ankatola zogwa m'manja mwa ena.

Pa mgodi pamakhala milu ya mitundu iwiri, ndipo wobwera kumene amaisokoneza. Pali mulu wa miyala yosweka, yosongoka, yomwe sinalowe m'makina ophwanyira. Umenewu ndiye wathu. Ndiye pali mchenga wosalala ngati phulusa, wotsala mwala utaphwanyidwa ndi kutsukidwa, womwe nthawi zambiri umakhala kunsi, pafupi ndi madzi. Golide wotsala mmenemo ndi wa fumbi, ditekita singamumve, koma nthawi zambiri mumakhala ziphe monga arsenic, mtovu ndi mercury. Ukaona malo oti zaka zonsezi udzu wakana kumerapo, usakhalepo pansi, usatulutsirepo kamba wako, ndipo galu asamwe madzi a pamenepo.

Ditekita yokha si chinthu chovuta kumvetsa. Kunsi kwa ndodo kuli kambale kokhala ndi waya wokulungidwa. Magetsi a batire akamadutsa m'wayamo amapanga mphamvu ya maginito yolowa m'nthaka. Mphamvuyo ikakumana ndi chitsulo cha mtundu uliwonse, imadzutsamo timagetsi ting'onoting'ono, ndipo timagetsito timabweza kamphamvu kake, komwe makina amakasandutsa kulira kwa m'makutu. Nzeru imeneyi ndi yakale ndithu. Mu 1881, Alexander Graham Bell, yemwe uja wa telefoni, anayesa kupeza chipolopolo m'thupi la Pulezidenti James Garfield wa ku America ndi makina a mtundu womwewu. Sanachipeze, ndipo chimodzi mwa zomwe zinasokoneza makinawo chinali mawaya achitsulo a bedi lomwe wodwalayo anagonapo. Ndikakumbukira zimenezi ndimadzitonthoza: ngakhale mmodzi mwa oyambitsa anamva chitsulo cholakwika.

Masiku ano makina a golide alipo a mitundu iwiri ikuluikulu. A VLF amatumiza mphamvu mosalekeza, ndi opepuka, ndipo akakhala othamanga kwambiri amamva ngakhale kagolide kochepa ngati mutu wa machesi, bola kakhale pafupi ndi pamwamba. A PI amatumiza mphamvu modukizadukiza, n'kumvetsera pakati pake. Amafika pansi ndithu ndipo savutika ndi nthaka yoipa, koma ndi olemera, ndipo salekanitsa bwino msomali ndi golide. Nthaka yoipa ndikunenayi ndiye mutu wa mavuto onse. Kumene kuli golide kumakhalanso chitsulo chambiri m'dothi ndi m'miyala momwe, moti makina ukangowayatsa amalongolola ngati nthaka yonse ndi chuma. Umayamba wawaphunzitsa kulira kwa nthaka ya pamalopo kuti aziinyalanyaza, ndipo ukayenda pang'ono nthaka yasintha, uwaphunzitsenso. Pali miyala inanso, yomwe timaitcha ma hot rock, yooneka ngati mwala wamba koma yolira mokoma zedi. Ndataya maola ambiri ndikuthamangitsa timiyala totere m'dzenje.

Tsono bwanji osangouza makina kuti akane chitsulo? Batani lake lilipo, ndipo ofufuza ndalama zakugwa m'mabwalo amaligwiritsa ntchito. Koma kagolide kakang'ono, kali pansi m'nthaka ya chitsulo, kamalira mofooka ndipo makina amakawerenga ngati chitsulo chomwe. Ukakana msomali, wakananso golide. Chinanso, msomali umodzi wa dzimbiri umaphimba kulira kwa chilichonse chomwe chili pansi pake kapena pambali pake. Ndicho chifukwa chake achikulire aja anati yatsala yochepa. Sankandiseka. Ankanena kuti mulu sungalankhule usanauchotse misomali. Ku piki yanga ndinamamatizako maginito wamphamvu, kuti ndikangopalasa, zitsulo zizidzikakamira zokha. Chimene maginito satola, koma chikulirabe, ndicho chimagunditsa mtima. Kawirikawiri chimakhala mtovu wa m'mfuti za alenje. Mtovu ndiye mdani weniweni: umalira ndendende ngati golide, ndi wolemera m'dzanja, ndipo sudziwika mpaka utaupukuta n'kuona kutuwa kwake.

Misomali nayo imaphunzitsa. Yakale kwambiri ndi ya ngodya zinayi, yodulidwa ku chitsulo chophwatalala. Yobulungira ya waya imene tikuidziwa lero inafala chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Ukaona kuti pano ikutuluka ya ngodya yokhayokha, apo yobulungira, wadziwa kuti malowa anagwiridwa kawiri, ndi anthu a mibadwo yosiyana. Timisomali ting'onoting'ono ta kunsi kwa jombo timasonyeza njira yomwe ankayendamo. Pamene pali zidutswa zambiri zachitsulo ndi makala, panali wosula amene ankanola zobowolera tsiku ndi tsiku. Pang'ono ndi pang'ono mudzi wonse umadzuka pansi pa makutu ako.

Chimene chimatiwononga mitu ndi nkhani za amwayi. Mu February 1869, ku Moliagul m'chigawo cha Victoria, John Deason ndi Richard Oates anapeza chibulumwa chotchedwa Welcome Stranger chili pafupifupi pamtunda, m'mizu ya mtengo. Munatuluka golide woposa makilogalamu 70, ndipo anachita kuchiphwanya pa chipala ku Dunolly chifukwa panalibe sikelo yoti n'kuchiyeza chathunthu. Mungati zimenezo ndi zakale. Koma mu 1980, Kevin Hillier, ali ndi ditekita, anafukula Hand of Faith pafupi ndi Kingower, m'chigawo chomwecho, m'dera lomwe anthu zikwi anakumbamo kale. Ndi cha makilogalamu 27, chinali masentimita pafupifupi 30 pansi, ndipo chinagulidwa ndi kasino ya Golden Nugget ya ku Las Vegas. Aliyense wa ife, ngakhale atakana bwanji, akamagwadira msomali amakhala ndi Kingower pakona ya mtima. Ineyo ndimati nkhani zimenezi zagulitsa makina ambiri kuposa golide amene makinawo apeza, koma sindinaleke kuziwerenga.

Makutu akatopa timatsikira kumtsinje ndi mbale. Apa palibe batire, ndi kulemera kokha komwe kumagwira ntchito. Golide amalemera kuposa madzi ka 19, mtovu ka 11, mchenga wakuda wachitsulo ka 5, pamene quartz sifika n'komwe ka 3. Choncho madzi osefukira akamakokolola zonse, golide ndiye amayamba kutopa. Amakhala pansi m'kati mwa gondo la mtsinje momwe madzi amafooka, kuseri kwa miyala ikuluikulu, makamaka m'ming'alu ya thanthwe la pansi. Wobwera kumene amatapa mchenga wa pamwamba, wofewa, wosavuta kutapa. Wozolowera amagona chamimba n'kumakolowola mng'alu ndi kachitsulo kopindika. Mbale umaimiza m'madzi, n'kuigwedeza kuti zolemera zitsike, kenako kuipendeketsa kuti madzi azinyambita zapamwamba. Amene anapetapo ndi lichero manja ake sachedwa kuzolowera. Pamapeto pamatsala mchenga wakuda, ndipo ukauzunguza ndi timadzi pang'ono, kumchira kwake kumaoneka timadontho tachikasu, ngati tilipo.

Tsiku langa loyamba ndinakuwa kuti ndalemera. Mbale yonse inali waliwali. Achikulire anangosuzumira, n'kuviika chala, ting'aning'ani tonse tija n'kuyandama. "Mica ameneyo, mphwanga. Chikomekome cha mkuyu." Mica ndi timamba ta mwala tong'anima, topepuka. Pyrite, mwala wina wachikasu wonyezimira, nayenso amanyenga, koma ukamudinda ndi nsonga ya mpeni amaphwanyika, pamene golide amangophwatalala ngati mtovu. Ndipo golide sang'anima. Ukamuphimba ndi mthunzi wa dzanja amakhalabe wachikasu phee, pamene onyenga aja amazima.

Nthawi zina m'mbale mumatsala timipira tonga siliva, kapena kagolide kovala zoyera. Ameneyo ndi mercury wa akale, yemwe ankathira m'ngalande zawo zotsukira kuti azigwira golide wa fumbi. Ku Sierra Nevada ku California kokha anataya makilogalamu mamiliyoni angapo m'mitsinje, makamaka nthawi imene ankagumula mapiri ndi mipope ya madzi, woweruza Lorenzo Sawyer asanaletse kutayira zinyalalazo m'mitsinje mu 1884. Mercury saola. Alipo amene amamuwotcha pamoto kuti atsale ndi golide, osadziwa kuti utsi wakewo ndiwo umalowa m'mapapo n'kukawononga ubongo. Ine ndimamutsekera m'kabotolo ka madzi, osamubwezera mumtsinje, osamuyandikitsa kumoto.

Tsono pali khomo lija. Sindinganame, limaitana. Ukaima patsogolo pake masana otentha, mumatuluka kamphepo kozizira konunkha dothi lonyowa, njanji ziwiri za dzimbiri zikulowa mumdima, ndipo mtima umati: ngati zotaya zili ndi golide, nanga m'katimo? Ndinawafunsapo achikulire. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Anthu amene anakumba umu anali odziwa, anali ndi mitengo yatsopano yochirikizira denga, anali ambiri, koma ankafamo. Iwe uli ndi tochi."

Mitengo ija tsopano inafumbwa, ena amati ukaikhudza imangonyenyeka m'manja. Pansi pa msewu wa mgodi pamakhala zitsime zotsikira kunsi, zophimbidwa ndi matabwa owola kapena madzi ooneka ngati chithaphwi. Mpweya woipa sununkha: mpweya wabwino umene timapuma umadyedwa ndi dzimbiri ndi mitengo yowola, ndipo munthu amangomva kutopa, n'kukhala pansi kuti apume, osadzukanso. Dainamaiti yakale imatuluka thukuta la nitroglycerin, moti kungoigunda n'kokwanira. Ngakhale madzi otsekeredwa m'katimo ali ndi ukali wake. Pa 5 August 2015, ogwira ntchito yoyeza mgodi wakale wa Gold King, pafupi ndi Silverton ku Colorado, anaboola mwangozi chotchinga cha pakhomo, ndipo malita pafupifupi 11 miliyoni a madzi a asidi anasandutsa mtsinje wa Animas kukhala wachikasu. Awo anali akatswiri okhala ndi makina. Choncho ine sindilowa, ndipo m'katimo ndawasiyira mileme, yomwe ndi imene ikukhalamo tsopano.

Koma chimene chinatsala pang'ono kunditenga sichinali khomo looneka. Tsiku lina, ndikutsatira kulira kwa makina chammbuyo, maso ali pa kambale, ndinaponda pamalo olowa pang'ono ngati mbale, odzaza masamba ouma. Phazi linamira mpaka m'kakolo, ndipo ndinamva timiyala tikugwa pansi pa ine, tikugwabe, kwa nthawi yaitali kuposa mmene timiyala tiyenera kugwera. Chinali chitsime chakale chomwe wina anachivundikira ndi matabwa, dothi n'kumerapo udzu. Ndinadziponya chagada n'kukwawa. Kuyambira tsiku limenelo, ndisanayatse makina ndimayamba ndazungulira malo onse ndi maso, ndipo ndekha sindikwera. Kalikokha n'kanyama.

Za malamulo ndinena mwachidule, poti dziko lililonse lili ndi ake ndipo ndi udindo wako kuwafunsa usananyamule piki. Mgodi ukaoneka wosiyidwa sindiye kuti ulibe mwini. Ku America, pansi pa lamulo la migodi la 1872, munthu amatha kulembetsa malo a boma kuti miyala ya pamenepo ndi yake, ndipo kutolapo golide popanda chilolezo chake ndi kuba, ngakhale iye atakhala kuti sanafikepo zaka zambiri. M'mapaki akuluakulu a dzikolo ditekita ndi yoletsedwa, ndipo lamulo la 1979 limateteza zinthu zakale zoposa zaka 100 pamalo a boma. Ku Victoria umayenera kukhala ndi chiphaso chotchedwa Miner's Right, dzina lomwe linayamba mu 1855 pambuyo pa kuukira kwa okumba ku Eureka.

Pa nkhani ya zinthu zakaleyi ndimasiyana ndi anzanga ena a masewerawa, omwe nyumba zawo zadzaza mabotolo, maloko ndi nyale zotola ku migodi. Amati zikungowola, bola azisunge. Ndimawamva. Koma golide anaikidwa m'phiri ndi phiri lomwe, alibe nkhani ya munthu. Supuni ili nayo. Ndinafukulapo ina pafupi ndi maziko a kanyumba, yodyeka mbali imodzi, kusonyeza kuti mwini wake ankapala nayo pansi pa chitini zaka zambiri, ndipo mbali yodyekayo inandiuza kuti anali wamanzere. Pamalo pakepo, supuniyo ikunena kuti apa pankagona munthu. Pashelefu panga ikanangokhala supuni ya dzimbiri. Ndinaijambula, n'kuibwezera, n'kukwirira. Dzenje lililonse lomwe ndakumba ndimakwirira, ndipo ndikapeza la wina lili yasa, ndimatukwana chamumtima n'kulikwiriranso.

Tibwerere ku mulu uja. Nditadutsa 50 ndinaleka kuwerenga. Ndinapeza mtovu kawiri, ka hot rock kamodzi, ndi chidendene cha jombo. Dzuwa lili pafupi kubisala kuseri kwa phiri, ndinabwerera pamalo pomwe ndinali nditachotsapo misomali itatu yoyandikana, n'kuyendetsanso kambale pang'onopang'ono, kakukhudza miyala. Sikunali kulira kwenikweni. Kunali ngati kulira kwa nthaka kwangopuma pang'ono, n'kupitiriza. Ndinabwereza chopingasa, chimodzimodzi. Ndinapalasa pang'ono, kulira kunakula. Maginito sanatole kanthu. Ndinayamba kutapa miyala ndi kapu yapulasitiki, kuidutsitsa pa kambale, kutaya theka, kudutsitsanso, mpaka m'dzanja munatsala kamwala kamodzi ka quartz, kofiirira ndi dzimbiri, kakukula ngati chala chachikulu. Kunja kwake kunalibe chilichonse. Ndinakalavulira n'kupukuta pa buluku, ndipo m'kamng'alu munaoneka kaulusi kachikasu, kopyapyala ngati tsitsi. Ndinakaphimba ndi dzanja. Sikanazime.

Achikulire anakatembenuza kawiri katatu pafupi ndi diso, n'kukayeza m'dzanja. "Ameneyu anamudutsa m'manja wosankha uja," anatero. "Mwina linali Loweruka madzulo." Anandiuza kuti ndikafika ndikakaphwanye mu mtondo wachitsulo n'kutsuka, ndidziwe kuti muli wochuluka bwanji.

Sindinakaphwanye. Pali njira ina: umayeza kamwalako pa sikelo kali pouma, kenako kali lende pa ulusi m'madzi, ndipo poti kulemera kwa quartz ndi kwa golide n'kodziwika, masamu amakuuza zomwe zili m'kati. Ndinabwereza katatu, ndipo katatu konse zinatuluka mosiyana pang'ono, koma zonse zinali chapafupi ndi theka la galamu. Kali pawindo pano. Achikulire akabwera amakanyamula, n'kundifunsa ngati mtondo wanga unasowa.